Msana wa Abambo

Chaka chimene abambo anadwala ndinali Fomu 3. Tinkakhala ku South C mumzinda wa Nairobi, m'nyumba imene inkalipiridwa ndi bungwe la mayiko ambiri kumene abambo ankagwira ntchito. Panali patapita zaka zingapo chichokereni ku Blantyre, ndipo ine Nairobi ndinali nditamuzolowera. Chiswahili ndinkalankhula ngati mwana wa pomwepo. Ndinabadwa ndekha, chifukwa ana awiri obwera pambuyo panga sanakhalitse, choncho maso onse a makolo anga anali pa ine, ndipo anga anali pa mayeso a Fomu 4. Ndinkafuna kudzaphunzitsa sayansi.

Abambo anagwa mu ofesi masana ena, chaka chitangoyamba. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panakhota. Atagona m'chipatala milungu ingapo, madokotala anati chotsala n'kuwasamalira kunyumba. Bwana wa kuntchito anabwera kudzatizonda atanyamula zipatso, ndipo analankhula mwaulemu kwambiri. Anati bungwe liwadikira abambo chaka chimodzi. Chikatha asanachire, ntchito yatha, nyumba tituluke, ndipo matikiti a ndege obwerera kwathu atipatsa. Chilolezo chathu chokhalira m'dzikomo chinalinso pa ntchito ya abambo yomweyo.

Sindinachite kufunsa tanthauzo lake kwa ine. Masiku amenewo kwathu malo a kusekondale ankachita kusankhidwira, ndipo maphunziro ake anali osiyana ndi a ku Kenya. Mtsikana wotsika ndege atamaliza Fomu 3 ya kwina akanapeza zitseko zonse zotseka. Tikanapita kumudzi kwa amayi ku Dedza, ndipo sukulu yanga ikanathera pomwepo. Ndinkalemba m'kabuku kanga tsiku ndi tsiku kuti Mulungu achiritsa abambo chaka chisanathe. Miyezi inkapita, dzanja lija osagwedezeka.

Amayi anali namwino, ngakhale kuti ine ndinali ndisanawaonepo atavala zoyera. Anaphunzira pa chipatala china cha mishoni kwathu, nakhoza bwino, koma chaka chomwecho anakwatiwa, kenako ndinabadwa ine. Abambo anati mkazi wawo sangamagone kuwodi iwo ali pantchito yabwino. Setifiketi inalowa m'sutikesi, pansi pa zitenje. Amayi sanalandirepo malipiro a unamwino ngakhale a mwezi umodzi.

Mmene ankawasamalirira abambo sindinkaona ndi maso. Kwathu mwana wamkulu salowa kuchipinda kwa makolo, ndipo mwambo umenewu tinapita nawo ku Nairobi. Ndinkangomva. Ndinkamva bedi likulira, amayi akuti, "Gwirani khosi langa, bambo, tiyeni," kenako kupuma kwawo kwa munthu wonyamula katundu. Ndinkawaona akutuluka ndi beseni lovundikira ndi nsalu. Pachingwe kuseri kwa nyumba pankakhala nsalu zoyala pabedi tsiku lililonse, kaya kuli mvula. M'khonde munkamveka fungo la sipiriti ndi paudala. Tsiku lina ndinawapeza akupota zitenje zakale kukhala tinkhata ting'onoting'ono, ngati tosenzera ndowa. Nditafunsa anati n'ta zidendene, basi, osawonjezera.

Lamulungu masana Amalawi anzathu ankabwera akaweruka kutchalitchi. Amayi ankadzuka m'mawa kuwameta abambo ndevu, kuwaveka shati yoyera ndi taye, n'kuwakhazika pampando wa pabalaza, dzanja lakufa lija atalifunditsa bulangete. Alendo akafunsa, yankho linali limodzi: "Akupezako bwino. Ayambiranso ntchito posachedwa." Alendowo ankavomereza ndi mitu, n'kuyamba nkhani za mpira ndi za kumudzi.

Panali mayi mmodzi yekha amene sankanamizika, mnzawo wa amayi wa ku Lang'ata, mkazi wa mnzawo wa abambo wa kuntchito. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Tsiku lina anawatsatira amayi kukhitchini, kumene ine ndinkatsuka makapu.

"Asisi, mukudikira chiyani? Ndege?"

"Tikudikira Mulungu."

"Mulunguyo anakupatsani kale setifiketi, inu mukuigonetsa ndi njenjete. Mukapeza ntchito, okulembaniwo akhoza kukupempherani chilolezo chanuchanu. Mwanayu alembe mayeso ake."

"Ine? Zaka zonsezi? Ndinaiwala n'kagwiridwe ka jakisoni komwe."

"Matako a anthu sanasinthe, asisi. Akadali pomwe munawasiya."

Amayi anayang'ana kumene ndinali ine n'kumutsina mnzawoyo pamkono, koma anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chaka chimenecho.

Tinayamba kuyenda kufunafuna ntchito ya amayi pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, nthawi yotsala itachepa kale. Ndinkawaperekeza chifukwa Chiswahili chawo chinali cha pamsika, chofunsira mtengo wa tomato, ndipo manambala a maminibasi, amene kumeneko amati matatu, ankawasokoneza. M'mawa ankawasambitsa abambo, kuwadyetsa, kuwakhazika pabalaza, ndipo mayi a ku Lang'ata aja ankabwera kudzacheza nawo. Ife tinkathamanga kuti dzuwa lisanafike pamutu tikhale tabwerako. Amayi ankavala diresi la buluu lakutchalitchi ndi nsapato zimene zinkawathina.

Ku ofesi yoona za anamwino anatiuza kuti setifiketi yakunja, yakale chonchi, sangaivomereze mpaka amayi atagwira kaye ntchito miyezi ingapo moyang'aniridwa pa chipatala china. Kuzipatala anatiuza kuti sangalembe munthu amene ofesi ija sinamuvomereze, pokhapokha akhale wodziwa kale ntchito. Tinazungulira chonchi ngati mbuzi yapachingwe. Kwina sitinkapitirira n'pageti pomwe. Kwina ankatikhazika pabenchi mpaka amayi ankayamba kuyang'ana dzuwa pawindo n'kunena kuti tizipita.

Pa chipatala china chachikulu cha anthu olipira, mkulu wa anamwino anatilola kulowa. Anali mayi wa magalasi, waukhondo, wosakwiya. Anaigwira setifiketi ija m'mphepete, poopa kuti ingang'ambike.

"Munagwirapo kuti?" anafunsa m'Chingerezi.

"Sindinagwirepo, mayi."

"Chimalizireni maphunziro, mwasamalapo wodwala aliyense? Kulikonse?"

Ndinadziwa kuti apa ndiye pathu. Amayi anayang'ana pansi.

"Ayi."

Mayi uja anabweza setifiketi ndi manja awiri. Anati atsikana ongotuluka kumene kusukulu alipo ambiri, ndipo iwo mankhwala a masiku ano akuwadziwa.

Titafika pamalo okwerera matatu sindinathe kudzigwira.

"Amayi, nanga abambo?"

"Abambo atani?"

"Simukuwasamala? Chiyambire chaka! Bwanji simunanene?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Abambo ako si wodwala wa anthu. Ndi mwamuna wanga. Ukufuna ndikhale pampando wa eni, ndiyambe kufotokozera munthu wachilendo zimene ndimachita kuchipinda? Akandifunsa kuti ndimawatani, ndiyankhe chiyani? Ndiwavule?"

"Koma ndi namwino mnzanu."

"Usadzayambirenso. Ukadzakula adzakulangiza, udzamva."

Pambuyo pake ndinadzamvadi. Amayi akulowa m'banja, alangizi anawauza kuti thupi la mwamuna ndi kufooka kwake ndi za mkazi wake yekha. Mkazi wonena kunja kuti mwamuna wake amadziipitsira, kapena kuti amachita kumunyamula ngati khanda, wamuvula pagulu, ndipo wadzivula yekha. Amayi sankaona ngati akunama poyankha kuti ayi. Kwa iwo zimene ankachita kuseri kwa chitseko chija sizinali unamwino. Linali banja.

Koma pa tsikulo ine sindinkamva zimenezo. Ndinkangoona sukulu yanga ikutsetsereka chifukwa cha liwu limodzi. M'matatu tinakhala mothithikana, ntchafu kugundana, mpaka ku South C.

Malo omaliza anatiuza ndi mayi a ku Lang'ata. Wantchito wawo wa m'nyumba ankakhala ku Kangemi, ndipo anati kumeneko kuli kachipatala ka mishoni kamene anamwino sakhalitsa chifukwa malipiro ndi ochepa. Tinakwera matatu awiri. Titatsika pamsewu waukulu tinalowa m'tinjira ta matope, pakati pa nyumba za malata ndi matabwa, amayi akunyamula m'mphepete mwa diresi lawo. Kachipatalako kanali ndi mzere wa anthu mpaka kunja kwa mpanda. Kumbuyo kunali wodi imodzi yaitali ya anthu osatha kudzuka, okalamba ndi ofa ziwalo amene abale awo analephera kuwasunga.

Woyang'anira anali sisitere wachikenya, wamtali, wa maso otopa. Anatilankhula ataimirira, akupukuta manja.

"Mapepala ndawaona. Ine mapepala sanditembenuzira odwala. Muwodi umo ndili ndi anthu amene misana yawo ikuwola chifukwa manja ndi ochepa. Mwasamalapo munthu wogona?"

Ndinapemphera chamumtima. Ndinawaponda amayi chala pang'ono.

"Ayi, sisitere."

Sisitere anapumira m'mwamba. Mwina anaona nsapato za amayi zodzaza matope, chifukwa sanatithamangitse.

"Zaka zonsezi, ngakhale mnansi? Ngakhale apongozi? Mundibweretsere umboni uliwonse, kalata ya munthu amene munamusamalapo, kaya ya m'bale wake. Lachisanu ndikuonana ndi mtsikana wina. Mukabwera ndi kanthu, ndidzakuonani inu poyamba."

"Palibe amene angalembe," anatero amayi, ndipo anathokoza, tinatuluka.

Madzulo a tsiku limenelo tinkadya pabalaza, amayi akuwadyetsa abambo ndi sipuni. Abambo ankalankhula movutika, liwu lililonse ngati akulikoka m'chitsime, choncho nthawi zambiri ankangokhala chete. Koma tsikulo anakana sipuni.

"Kumeneko... akufunsani chiyani?"

"Zomwe zija. Ngati ndinagwirapo ntchito."

"China?"

Amayi anazengereza. Kunama kwa abambo sankakutha.

"Ngati ndinasamalapo munthu wogona."

"Mwati?"

"Ndati ayi."

Abambo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzimenya pachifuwa ndi dzanja lamoyo lija.

"Ine... ndine chiyani? Thumba la chimanga?"

"Bambo, pali mwana apa."

"Mwanayo... ndiye mwini nkhani."

Amayi anandiuza kuti nditenge mbale ndipite kukhitchini. Ndinapita, koma nyumba za ku South C makoma ake ndi opyapyala. Ndinamva amayi akufotokoza za kalata ndi za Lachisanu. Ndinamva abambo akuti dzanja lolembera linafa, ndipo ngakhale akanalemba, kalata ya mwamuna yoyamikira mkazi wake ndani angaikhulupirire. Kenako anati, "Mundinyamule. Sisitereyo akaone yekha."

"Ndikakuvuleni kwa anthu? Ine? Muyambe mwandiika m'manda."

"Ndavula kale... Mulungu anandivula."

"Anakuvulirani ine, osati Kangemi yense."

"Amene anakulangizaniwo... adzamulembera mayeso mwanayu?"

Patapita kanthawi abambo ananenanso, motsitsa, moti ndinachita kuimitsa madzi pampopi kuti ndimve: "Ntchito ndinakuletsani ndine. Lachisanu tipita."

Masiku otsatirawo m'nyumba munali ngati mwagwa maliro. Amayi ankagwira ntchito zawo zonse osalankhula. Abambo anayamba kukana chakudya. Akabweretsa phala ankatembenuzira nkhope kukhoma, akabweretsa tiyi ankatseka pakamwa. Ine ndinali pakati, ndipo zimene ndinkafuna ndinkachita nazo manyazi. Ndinkafuna kuti abambo apambane. Lachinayi masana amayi anatulutsa suti yakuda ya abambo n'kuyamba kuisita. Abambo ataona anapempha phala.

Mayi a ku Lang'ata anati atitengera pa galimoto la amuna awo, koma amayi anakana. Anati ngati n'kuonedwa, aonedwe ndi anthu osatidziwa. Tinaitana takisi. Woyendetsa anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene anathandiza amayi kuwalowetsa abambo kumpando wakumbuyo. Abambo anali atavala suti, taye ndi nsapato zopolisha, monga ankapitira ku ofesi. Chidwalireni, aka kanali koyamba kutuluka pageti osapita kwa dokotala wawo.

Cha ku Westlands tinapeza magalimoto ataima, lole itagona pamsewu. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali, dzuwa likuwomba pagalasi. Ine ndinali kutsogolo. Ndinamva abambo akunong'oneza kanthu, amayi n'kuyankha kuti, "Pirirani pang'ono, tafika kale." Patapita nthawi ndinamva fungo. Woyendetsa anatsitsa galasi lake mwakachetechete, maso ali kutsogolo. Amayi anavula chitenje chimene anafunda n'kuwafunditsa abambo pamiyendo.

"Tibwerere," anatero amayi.

"Ayi," anatero abambo.

Ku Kangemi takisi inalephera kufika pageti la chipatala chifukwa cha matope. Ndinathamanga kukapempha mpando, ndipo woyendetsa uja ndi mlonda wa pachipatala anawanyamula abambo pampandopo, amayi akugwirizira chitenje kuti chisagwe. Tinadutsa mzere wonse wa odwala. Anthu ankapatuka, akuyang'ana bambo wa suti ndi taye akuyenda m'malere ngati mkwati. Mayi wina wobereka mwana anati, "Pole, mzee," kuwapepesa. Abambo anayang'ana kutsogolo, chibwano chili m'mwamba.

Sisitere atationa anakwinya nkhope.

"Odwala atsopano amayambira kutsogolo uko."

Abambo anakweza dzanja lamanzere. Anayamba kulankhula Chingerezi chawo cha mu ofesi, chimene kale chinkayenda ngati madzi, koma tsopano chinkatuluka chodukaduka.

"Munafuna... umboni. Ndine mwamuna wake. Chiyambire Janyuwale... sindidzuka. Onani."

Sisitere anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi.

"Munandiuza kuti simunasamalepo munthu."

"Ndi bambo a kunyumba, sisitere."

Sindikudziwa ngati sisitere anamvetsa. Anangoti awalowetse m'kachipinda kopimira, ndipo anakoka katani. Amayi asanalowe anandiyang'ana.

"Iwe, tembenuka."

Ndinaima kunja kwa katani nditayang'ana khoma. Pakhomapo panali chithunzi chophunzitsa amayi kasungunulidwe ka madzi a mchere ndi shuga, ndipo ndinachiwerenga kambirimbiri osamva kanthu. Makutu anga anali kumbuyo. Ndinamva lamba akumasulidwa. Ndinamva amayi akupempha madzi ofunda, sopo ndi nsalu, mawu awo ali pansi kwambiri. Sisitere anati aitane wothandiza, amayi anati ayi, atha okha. Kenako ndinamva mawu aja ndinkawamva kunyumba: "Gwirani khosi langa, bambo, tiyeni." Madzi analira m'beseni.

Amayi atamaliza, sisitere anayamba kufunsa. Mumawatembenuza kangati? Amayi anati pakangopita maola awiri, usana ndi usiku. Ndani amakuthandizani? Palibe. Pamsana mumapakapo chiyani? Nanga zidendenezi mwazitchinjiriza bwanji? Akatsamwa mumatani? Chimbudzi chikavuta? Funso lililonse amayi ankayamba kaye chete, ngati munthu woponda pamoto, kenako n'kuyankha. Zonse zimene anabisira alendo a Lamulungu, zimene anabisira ine, anazinena m'kachipinda kaja, mwini wake ali gone pamaso pawo.

"Palibe chilonda," ndinamva sisitere akutero. "Ngakhale pofiira."

Ndinaganiza kuti zatha, koma ayi. Sisitere anawapatsa amayi chopimira kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinamva akuwauza kuti abwerezenso, alakwitsa. Anatchula mayina a mankhwala angapo, amayi anadziwapo amodzi okha. Anawauza kuti akoke mankhwala m'kabotolo ndi jakisoni, ndipo kanthu kena kanagwa pansi n'kusweka. Amayi anapepesa kawiri.

Katani itatsegulidwa, abambo anali atakhala pampando, taye ili m'malo mwake, m'chiuno atamangidwa chitenje cha amayi. Buluku linali m'pepala, m'manja mwa amayi. Sisitere analankhula mosanyengerera.

"Zambiri munaiwala, zina simunaziphunzire n'komwe. Jakisoni simubaya munthu mpaka ine nditanena. Chiswahili chanu n'chosakwanira. Koma wodi ya kumbuyo ija ikufuna zimene ndaona apazi. Muyambe Lolemba, mongoyesedwa. Malipiro ndi ochepa, musadzati sindinanene. Ku ofesi ya anamwino ndi kwa a zilolezo ndilemba, koma kuyankha n'kwawo."

Kenako anawerama pang'ono kwa abambo n'kuwathokoza kuti, "Asante, mzee." Abambo sanamuyang'ane.

Pobwerera ndinkafuna kuimba. Ndinatembenuka kuti ndinene kanthu. Abambo anali atatsamira pagalasi, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Diso la mbali yakufayo linkatuluka misozi nthawi zina popanda chifukwa, ndipo amayi ankaipukuta msanga. Tsikulo sanaipukute. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, pepala la buluku lili pamiyendo, akuyang'ana kunja. Titafika kunyumba anachapa bulukulo okha, nalianika m'bafa m'malo mwa pachingwe.

Mayi a ku Lang'ata atabwera madzulo ndi chimwemwe chawo, akuti, "Anesi athu! Tibayeni tonse!" amayi anangoti zikomo, n'kulowa kukhitchini. Mnzawoyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali.

Panatsala funso limene tonse tinkalizemba: amayi akakhala kuntchito, ine kusukulu, abambo atsala ndi yani? Sisitere anatitumizira mayi wina wamasiye wa ku Kangemi konko, amene anasamalapo apongozi ake mpaka kumwalira. Anafika Lolemba m'mamawa, atamanga duku, atanyamula kachikwama ka pulasitiki. Chingerezi sankadziwa. Amayi anayesa kumufotokozera m'Chiswahili chawo cha pamsika, koma mawu anawathera pa chiganizo chachiwiri. Anaima pakati pa khitchini atavala diresi loyera limene anasoka Loweruka, akupotokola zala. Kenako anandiitana.

"Bwera kuno. Uzimuuza zimene ndikunena. Usawonjezere, usachotsere. Ndipo usandiyang'ane."

Anayamba kulankhula m'Chichewa atayang'ana pansi, ine n'kumatembenuza. Kuti abambo akafuna kutaya madzi sanena, amangogwedeza bondo lamanzere, ndipo pamenepo osachedwa. Kuti powasambitsa ayambe mbali yakufa, ndipo aumitse bwino m'mapindikiro monse. Kuti akadziipitsira asawafunse kanthu, asawapepese, angowasintha akulankhula za nyengo. Mawu ena sindinkawadziwa m'Chiswahili, ena ndinkawadziwa koma anali asanatulukepo pakamwa panga. Ndinawanena onse. Mayi uja ankangovomera kuti, "Sawa, sawa," ngati tikumuuza za kaphikidwe ka nyemba. Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula, ndipo abambo anali pampando wawo. Anapempha kuti tiwatsegulire wailesi, n'kuikweza okha ndi dzanja lamanzere.

Mapepala aja anadzatenga nthawi yaitali kuposa mmene tinkaganizira. Chaka chinatha tili m'malere, ndipo tinatuluka m'nyumba ya ku South C kupita ku zipinda ziwiri ku Kangemi tisanadziwe ngati atilola kukhala. Chilolezo chinadzatuluka cha chaka chimodzi chokha. Chinakwanira. Mayeso a Fomu 4 ndinalembera ku Nairobi. Abambo sanavalenso taye, ndipo anauza alendo a Lamulungu aja kuti asamavutike n'kubwera.

Koma m'mawa wa Lolemba lija zonsezi sitinkazidziwa. Tchuthi chinali chitatha, ndipo ndinatuluka ndi amayi, ine yunifolomu ya sukulu, iwo diresi loyera atalifunditsa juzi. Tinayenda mpaka pokwerera matatu. Tili chiimire, anandifunsa osandiyang'ana.

"Kuti tembenukani, amati chiyani?"

"Geuka."

"Nanga kuti pakupweteka ndi pati?"

"Unaumwa wapi."

Anabwereza motsitsa, akulakwitsa katchulidwe, ine n'kuwakonza, iwo n'kubwerezanso. Matatu anafika atadzaza kale, kondakitala akulendewera pakhomo. Anawamva amayi akuyeseza ndipo anagwira pachifuwa pake.

"Hapa, sista, hapa!" anakuwa, kutanthauza kuti iye pomupweteka ndi pamtima.

Anthu m'galimotomo anaseka. Amayi sanaseke. Anagwira chitsulo cha pakhomo, nakweza phazi, koma asanalowe anatembenuka.

"Ukaweruka usachedwe m'njira. Ukafike ukaone ngati adya."

Kondakitala anamenya denga kawiri, matatu ananyamuka amayi asanapeze pokhala.